Silinda Yachitatu ya Ndege ya a Dafuleni

Za ndege ya alamu anga a Dafuleni anthu anena zambiri, ndipo zambiri mwa izo ndi bodza. Ena akuti inkauluka usiku ngati lichero la mfiti, ena akuti inkamwa magazi m'malo mwa petulo. Ine ndinalipo kuyambira tsiku loyamba kuiliza mpaka lomaliza, choncho ndikuuzani zimene ndinaona ndi zimene ndinayeza basi. Usiku sindinaonepo kanthu. Zimene ndinaona zinkachitika kunja kukuwala.

A Dafuleni anakwatira mlongo wanga Donata, ndipo ankakhala kwathu chikamwini, m'mudzi wa Kamphinda kufupi ndi Golomoti. Paunyamata wawo anali makaniko pa esiteti ina ya kuchigwa, komwe ankakonza tindege topopera mankhwala m'minda, ndipo woyendetsa wina anawaphunzitsako kuulutsa. Atapuma ntchito anayamba kupanga yawoyawo m'shedi kuseri kwa khola. Thupi lake linali la mapaipi owotcherera, mapiko a matabwa okutidwa ndi nsalu yopaka penti, pulopela yosema okha. Injini anaichotsa m'galimoto yakale, ya masilinda anayi, yosamwa madzi koma yozizira ndi mphepo. Ntchitoyo inawatengera zaka zisanu ndi ziwiri. Mayi athu aNagama anamwalira m'chaka chachisanu ndi chimodzi, akadanyansidwa nayo. Popeza ndi mkamwini sankayang'anizana, mawu awo ankadzera kwa Donata: "Amuna a anzako akulima thonje, wako akusoka khwangwala."

A Dafuleni anandiitana chifukwa ndinaphunzitsapo sayansi ndipo geji yoyezera kutentha ndimaiwerenga. Koma amene anandikokera pambali ndi Donata.

"Achimwene, bambowa alengeza kale kuti Loweruka likubwerali auluka. Kaoneni chinthucho. Chikakhala choti chiwapha, mudzandiuze ine, chifukwa iwo samva."

Injini yamtunduwu moyo wake ndi mphepo. Mphepo imalowa kutsogolo kwa boneti, ndiye pamakhala timalata totchinga timene timaikakamiza kudutsa m'zipsepse za silinda iliyonse, n'kutulukira pansi itanyamula kutentha. Mphepo ndi yaulesi. Ikapeza mpata ngakhale wolowa chala, imathawira pomwepo n'kusiya silinda ikupsa. Silinda ikapitirira madigiri 230, mutu wake umang'aluka ndipo pulopela imaima. Galimoto ikatero umatsika n'kukankha. Ndege ikatero, mlongo wanga ndiye kuti wavala zakuda.

Lolemba tinaikankhira kudambo, limene mwezi wa Okutobala limauma gwa ngati bwalo. Tinamangirira mchira wake kumtengo wa mthethe, n'kuiliza masana kuti tione mmene ingachitire kukatentha. Masilinda atatu anakhazikika pa 190. Yachitatu, ya kumbuyo kumanzere, inadutsa 240 mphindi zinayi zisanathe.

"Zimitsani!" ndinakuwa.

Anazimitsa monyinyirika. "Geji ikunama imeneyo, alamu. Ndinaigula yogwiritsa ntchito kale."

"Ngati ikunama tidziwa. Tisinthanitse mawaya."

Tili mkati momasula, ndinamva phokoso. Injini ikamazizira imalira kuti tche, tche, chifukwa chitsulo chikubwerera m'malo mwake, ndipo phokoso limenelo ndimalidziwa. Ili linali lina. Linali lokokota, lozungulira, ngati munthu akupala pansi pa chiwiya ndi supuni. Linkaima, n'kuyambiranso. Ndinayang'ana a Dafuleni. Iwo anayamba kuimba likhweru mokweza.

Vuto lotere umalisaka posintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, n'kuona ngati likutsatira chimene wasinthacho. Tinasinthanitsa mawaya oyezera, wa silinda yachitatu kupita ku yachinayi. Kutentha kunakhalabe pa yachitatu, ndiye kuti geji sinkanama. Lachiwiri tinasintha mapulagi. Tinawonjezera petulo ku kabuleta kuti moto usakhale wouma. Tinabweza taimingi pang'ono. Ndinalowetsa mutu pansi pa boneti kufunafuna kuwala kwa dzuwa m'mphepete mwa labala wotseka mipata ya timalata tija, ndipo pamene kunkalowa kuwala tinamatapo. Singano ya geji inakwerabe mpaka 245.

Tsiku lomwelo ndi pamene ndinayamba kuona mayi wina. Kumbuyo kwa ndege, kumene mphepo ya pulopela inkagonetsa udzu ndi kuulutsa fumbi, kunaima munthu, mwina mapazi makumi asanu kuchokera pamene tinali. Anali atapatuka pang'ono m'kanjira ka ng'ombe, atatifulatira, atafunda chitenje kumutu. Udzu wonse womuzungulira unagona pansi. Chitenje chake sichinkagwedezeka.

Ndinakodola a Dafuleni. Anayang'ana kamodzi n'kubwezera maso pa geji.

"Ndani amenewo, alamu?" ndinafunsa atazimitsa.

"Kodi njira ndi yanga? Aliyense amadutsa."

Ndinapita kukamuuza kuti asamaime kumbuyo kwa ndege, mwala ungamulase. Dzuwa la masana limavinitsa zinthu m'dambo, ndipo ndinadziuza kuti maso anga ndiwo alakwa. Nditafika pamalopo panalibe munthu. Dambolo ndi la see, lopanda chitsamba choti nkhuku n'kubisalamo. Phokoso lokokota lija linali litayambiranso kumbuyo kwanga.

Lachitatu m'mawa ndinapeza a Dafuleni akutukwana okha m'shedi. Kalata kotchinga mphepo pa silinda yachitatu kanali kolendewera. Maliveti atatu amene ankakagwira anali atachoka, ndipo anali atandandalikidwa bwinobwino pamwamba pa phiko. Liveti ukalikhoma silituluka lamoyo, umachita kuliboola mutu. Awa anali athunthu.

"Anthu a m'mudzi muno ndi afiti a nsanje!" anakuwa, cha kunyumba kuti Donata amve. "Zaka zisanu ndi ziwiri akundiseka, lero aona kuti chitheka ayamba kulowa m'shedi mwanga!"

"Loko anathyola?"

"Sanathyole."

"Kiyi amasunga ndani?"

Anagwira kiyi pa chingwe cha m'khosi mwawo. Anakhomanso maliveti ena ndi ukali woti nyundo inawatemera chala.

Ine ndinali nditabwera ndi ulusi wa juzi yakale. Ndinaudula tizidutswa n'kumata m'mbali mwa masilinda, kuti injini ikamalira tione kumene mphepo ikulowera. Ndi njira yosavuta ndipo sinama. Ndinamaliza kumata, ndinaimirira kuti ndiwongole msana, ndipo ndinaona kuti tiulusi ta kumanja tikulendewera pansi monga mwa nthawi zonse. Ta pa silinda yachitatu tinali titaimirira, tikunjenjemera ngati tili pamwamba pa mbaula. Injini tinali tisanailize. Inali itagona m'shedi usiku wonse.

Ndinaika dzanja pa silindayo, yozizira. Ndinaliika pa kalata kaja, ndipo ndinalichotsa msanga.

"Alamu, gwirani apa."

"Ndagwira kale. Ndi dzuwa la padenga."

"Dzuwa losankha kalata kamodzi?"

"Inu mwabwera kudzandithandiza kapena kudzandiwombeza maula? Mabuku onse munawerenga aja athera pompa?"

Mawuwo anandipweteka, chifukwa inenso ndinali kudzifunsa zomwezo. Ndinati titsirize ndondomeko yathu. Chinali chitatsala chinthu chimodzi chosasinthidwa. Tinachotsa kalatako, tinakapinda mbali ina n'kukakhoma pa silinda yachinayi, ka pa yachinayi tinakabweretsa pa yachitatu. Masana tinaliza kudambo. Silinda yachitatu inakhazikika pa 190. Yachinayi inakwera mpaka 250. Mayi uja anali pamalo ake, atafulatira, koma tsiku limeneli anali pafupi kuposa dzulo lake.

Tsopano vuto linadziwika. Silinali m'injini. Linkatsatira kalata.

Titabwerera kushedi ndinakachotsa ndi pulayala n'kukaika pabenchi. Timalata tinato tinali todula kuchokera ku aluminiyamu watsopano. Aka kanali kokhuthala, kophwanyidwa ndi nyundo kuti kawongoke, ndipo mbali imodzi kanali ndi mwaye wolowerera umene sandipepala analephera kuchotsa. Pakati panali mabowo atatu otsekedwa ndi maliveti. Sanali mabowo a choboolera. Anali ong'ambika m'mphepete, oboola ndi msomali waukulu.

"Kalata aka munakatenga kuti?"

"Kwa ogula zitsulo zakale ku Mtakataka."

Nthawi yomweyo Donata analowa ndi jagi ya madzi akumwa. Anaima pakhomo, maso ali pabenchi. Pakona ya kalatako panali kachigamba kakang'ono ka mkuwa, kokhoma kalekale ndi wokhoma zidebe. Donata anaika jagi pansi mosamala kwambiri.

"Chigamba icho ndinakakhometsa ndine," anatero. "Ndili sitandade sikisi."

Apa m'pamene inenso ndinazindikira. Mayi athu ankaphika thobwa logulitsa pamsika m'sefuliya yaikulu, kwa zaka zoposa makumi atatu, ndipo sankalola munthu wina kuikokota. Atamwalira, adzukulu anaiboola pansi ndi msomali monga timachitira kwathu, n'kuivundikira pamtumbira wawo pamodzi ndi kapu ndi mbale. Chiwiya chikaboola choncho ndiye kuti chapita ndi mwini wake. Palibe amachikhudzanso.

"A Dafuleni," anatero Donata, ndipo kanali koyamba kumumva akutchula mwamuna wake dzina, "munalowa kumanda?"

"Amake Yosofati, tamverani kaye."

"Ndafunsa. Munalowa kumanda kwa eni ake, inu mkamwini, n'kukavundukula mayi anga?"

"Sindinavundukule munthu! Ndinatenga chitsulo! Aluminiyamu anandithera, malata a denga amang'ambika injini ikamanjenjemera, masefuliya a masiku ano ndi mapepala. Ija inali yokhuthala bwino, ndipo imangokhala padzuwa popanda ntchito. Ndinalowa masana, anthu onse ali kuukwati kwa a Msinkhu, sindinasokoneze aliyense."

Ine sindikhulupirira zinthu wamba, ndipo mpaka lero sindinganene kuti ndikudziwa chimene chinkatenthetsa kalata kaja. Koma aja anali manda a mayi anga. Ndinaona dzanja langa litagwira sipanala, ndipo ndinachita kuliuza kuti liisiye.

"Mbava," ndinatero. "Mwandiyendetsa masiku atatu padzuwa kusinthanitsa mapulagi, mukudziwa."

"Ndikudziwa chiyani? Kuti chitsulo chili ndi mzimu? Nenani inuyo, aphunzitsi a sayansi, nenani ndi pakamwa panu!"

Ndinangomuuza Donata za mayi wa kudambo, za chitenje chosagwedezeka, ndi kuti nkhope yake sitinaione chifukwa nthawi zonse amakhala atapatuka m'njira, atafulatira.

Donata anaseka kuseka koipa. "Achimwene, inunso nzeru zakuthawani? Ndi mzimayi uti m'mudzi muno amene amapatuka m'njira n'kufulatira akaona bambowa? Alipo mmodzi yekha. Ngakhale kumene aliko akusungabe ulemu, pamene galu uyu ulemu alibe."

Kenako pabenchi paja panayamba kulira kokokota, pang'onopang'ono, tonse atatu tikuyang'ana. Kalatako sikankasuntha.

Donata ananena zofuna zake momveka. A Dafuleni akauze adzukulu, apereke nkhuku, abweze chitsulocho ndi manja awo n'kupepesa. Ine ndinati ndikhoza kukabweza ndekha tsiku lomwelo, koma iye anakana. "Anatenga ndani? Mukapita inu, mayi aziti mkamwini wawatumizira wantchito."

"Ndikabweza Lamulungu," anatero a Dafuleni. "Ndikauza adzukulu lero, mawa mudzi wonse undithamangitsa, ndege n'kuitentha. Ndiuluke kaye. Ndidzanyamuka m'mawa kukadali kozizira, kuzungulira dambo kamodzi, mphindi zitatu, basi."

"Mphindi zitatuzo mwayeza ndege ili pansi," ndinatero. "Pokwera injini imakoka ndi mphamvu zonse. Za mizimu zisiyeni, mverani geji. Mukafa."

"Ndikafa mudzagawana bwino ziwiya. Banja lanu limakonda ziwiya kuposa anthu."

Donata anawaponyera jagi ija. Inawaphonya n'kuboola nsalu ya phiko, ndipo iwo anathamangira kukaona phikolo osati mkazi wawo. Madzulo ake a Dafuleni anabwezera kalatako pa silinda yachitatu, pamene kankakhala bwino, anamata phiko, n'kusamutsira mphasa yawo m'shedi. Lachinayi ndi Lachisanu anadzitsekera momwemo. Ife sitinauze munthu. Tinkaopa manyazi, ndipo ndikuvomera kuti kumeneko kunali kulakwa kwathu.

Loweruka dzuwa likutuluka, dambo linali litadzaza. Kunabwera a njinga za kabaza, amayi a zitumbuwa, ana asukulu ndi ena ochokera kutali. A Dafuleni anavala ovolosi yochapa ndi chipewa cha njinga yamoto. Maso awo anali ofiira ngati munthu amene sanagone masiku awiri. Analiza injini, ine ndinaima pambali pa mpando wawo kuyang'ana geji.

Masilinda onse anayi anakwera pamodzi n'kuima pa 180. Tinadikira mphindi zisanu. Yachitatu sinasunthe.

"Mwaona?" anakuwa a Dafuleni m'phokosomo. "Linali dzuwa! Kauzeni alongo anuwo!"

Ine sizinandisangalatse. Silinda ya kumbuyo siingafanane ndendende ndi ya kutsogolo, ngakhale pa injini yabwino. Ndinagogoda galasi la geji. Singano inangoti njo, ngati wina waigwira ndi chala. Ndinayang'ana kumbuyo kwa ndege, kukanjira ka ng'ombe. Kunalibe munthu.

Ndinathamangira kwa Donata, amene anaima patali ndi gulu, manja atapinda pachifuwa.

"Kutentha kwasiya. Kumbuyo kuja kulibenso munthu."

Nkhope yake inasintha. "Mayi akamalalata umadziwa kuti nkhani ikadalipo. Akangokhala chete ndiye kuti atsimikiza. Aletseni!"

Ndinatembenuka, koma chingwe cha kumchira anali atamasula kale. Ndege inayamba kuthamanga, anthu akukuwa ndi kululuta. Inkapita bwino, mowongoka, fumbi likutsalira m'mbuyo. Mchira unadzuka. Matayala anayamba kudumphadumpha.

Kumapeto kwa dambo, pakati penipeni pa njira ya ndegeyo, panaima munthu. Anali patali, dzuwa lili kumbuyo kwake, choncho za nkhope musandifunse. Chimene ndinaona n'chakuti sanapatuke ndipo sanafulatire. Chitenje chinali chitatsika pamapewa.

Injini inazima mwadzidzidzi. Ndege inakhotera kumanzere, inalowa m'mizere ya munda wa thonje, mwendo umodzi unathyoka, phiko linakumba pansi, ndipo inazungulira n'kuima mchira uli m'mwamba. Gulu lonse linathamangira komweko. Ambiri amene ndinawafunsa pambuyo pake akuti sanaone munthu aliyense. Amayi awiri achikulire anakana kundiyankha, ndipo ananyamula mabeseni awo n'kumapita kwawo osagulitsa kanthu.

Tinawatulutsa a Dafuleni ali moyo, phewa litaguluka, mano awiri atatsala m'chipewa. Kiyi wa injini anali m'dzanja lawo. Anazimitsa okha. Boneti inkatuluka utsi, ndipo penti ya mbali ya kumanzere inali itatukusira.

"Munaona chiyani, alamu?" ndinafunsa titawagoneka pamthunzi wa phiko.

"Zaka makumi awiri ndi zitatu ndakhala pamudzi pano," anatero, "sanandiyang'anepo m'maso."

"Ananena kanthu?"

"Ayi. Anangotambasula dzanja."

Donata anafika akupuma mothamanga. Sanalire, sanawagwire. Anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi ngati akuwerenga ziwalo, kenako anapita kubokosi la zipangizo, anatenga tchizulo ndi nyundo n'kuziponya pamiyendo pawo.

"Dzanja limodzi likugwira. Dzukani."

"Amake Yosofati, ndikufuna kuchipatala."

"Chipatala sichithawa. Mayi aima padzuwa sabata yonse."

Anadula maliveti aja ndi dzanja limodzi, ine nditawagwirira tchizulo, gulu lonse likuonerera, ndipo sipanatenge nthawi kuti aliyense adziwe chimene chinali m'manja mwawo. Adzukulu analipo pomwepo. Mkulu wawo anangoti nkhuku imodzi siikwana, pafunika mbuzi. Kalatako a Dafuleni anakanyamula ndi dzanja lopanda nsalu kuyambira kudambo mpaka kumanda. Ngati kankawawotcha sananene, ndipo palibe anawafunsa.

Sabata yotsatira ndinamasula injiniyo ndekha. Mutu wa silinda yachitatu unali utang'aluka kuchokera pa pulagi mpaka pa valavu, mng'alu woti chikhadabo chinkalowa. Mmene ndikuonera, ikanalira mphindi imodzi ina, osapitirira. Mphindi imodzi kuchokera pamene anazimitsira, akanakhala ali pamwamba pa miyala ya kumtsinje wa kumapeto kwa dambo.

Ndinamuonetsa Donata mutu wa silindawo. Ndinati sindikudziwa ngati chimene chinaima m'dambo chija chinabwera kudzawapha kapena kudzawaletsa, koma kuti mwina mayi, ngakhale ankadana ndi mkamwini wawo, sanafune kuti mwana wawo akhale wamasiye.

Donata anali akuuzira phala la mwamuna wake kuti lizizire, popeza pakamwa pawo panali posokedwa. Sanadzutse mutu.

"Musawakometse mayi, achimwene, munkawadziwa," anatero. "Ankafuna sefuliya yawo. Akanagwera nayo mumtsinje akanaitenga bwanji?"

Anaika mbale ija patsogolo pa a Dafuleni mwamphamvu moti phala linatayikira.

"Idyani. Mbuzi mukagule ya ndalama zanu."